Maphunziro a kafululidwe pa gulu lathu: tiyambire pati?

Mlembi:
Moni nonse abale. Pa msonkhano wapitawu nkhani ya maphunziro inatulukira kumapeto, ena atayamba kale kutsuka matambula, ndiye ndaibweretsa kuno kuti aliyense aikepo mlomo. Mwezi uliwonse timakumana, aliyense ndi mabotolo ake, timalawa, "uli bwino, uli bwino," basi kubalalika. Koma tisanamizane, alipo pa gulu pano amene mowa wawo uli ndi vuto lomwelomwelo chaka chachitatu tsopano. Ena timalimva vutolo koma timaopa kukhumudwitsana, ena timalimva koma sitidziwa dzina lake kapena kumene likuchokera. Ine ndili m'gulu lomwelo la odwala. Ganizo ndi loti tizipatula mphindi 40 pa msonkhano uliwonse, tiphunzire chinthu chimodzi chokha. Tiyambire pati, aziphunzitsa ndani, ndipo tichite bwanji kuti zisatopetse?

Madala a Stout:
Ine ndinalowa gulu la ofulula mowa, osati sukulu yamadzulo. Zaka 19 ndikufulula, sindinakhalepo pansi kumvera munthu akujambula timizere pa bolodi, koma stout wanga mumamwa mpaka kupempha wina. Mukayamba zimenezi atsopanowa athawa. Munthu wabwera ndi chigubu chake choyamba ali ndi chimwemwe, inu mukumulandira ndi masamu?

Watsopano:
Pepani madala, ndiyankhe nawo poti mwatchula atsopano. Ine chondithawitsa ndi china. Ndabwera katatu ndi mowa wanga, katatu konse mwandiuza kuti uli bwino, koma ndikafika kunyumba theka la mabotolo ndimathira m'sinki chifukwa ukununkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mphuno yanga ndiye yolakwa.

Mayi Saison:
Achemwali, mphuno yanu ili bwinobwino, olakwa ndife. Ine ndinalimva fungolo tsiku loyamba lomwe, ndinangokhala chete poopa kuti simudzabweranso. Chigubu chanu mumachiika pati chikamawira?

Watsopano:
M'kabati ya kukhitchini, pafupi ndi mbaula. Ndinkaganiza kuti pakatentha yisiti amagwira ntchito msanga.

Mayi Saison:
Eya, msanga amagwiradi, koma amagwira mwaphuma. Yisiti wa ale ambiri amafuna madigiri a pakati pa 18 ndi 22, ndipo kuwirako pakokha kumatulutsa kutentha, moti m'kati mwa chigubu mumatha kupitirira kunja ndi madigiri angapo pa masiku awiri kapena atatu oyambawo. Ndiye ngati m'kabatimo muli 26, mowa wanu uli pafupi ndi 30. Pamenepo ndi pamene pamatuluka fungo loboola mphunolo ndi ukali wotentha pakhosi. Ikani chigubucho m'beseni la madzi pamalo ozizira, muchifunditse thaulo lonyowa, mudzatiuze. Mwaona madala? Phunziro loyamba latha kale apa, bolodi sitinaligwire.

Wa Chemistry:
Ine ganizoli ndalilandira ndi manja awiri, ndipo ndinalemba kale ndondomeko. Tiyende monga mowa umayendera: mwezi woyamba madzi, wachiwiri chimera ndi mash (kuviika chimera m'madzi otentha kuti chitulutse shuga), wachitatu hops (maluwa owawitsa mowa) ndi kuwiritsa, wachinayi yisiti, wachisanu kuika m'mabotolo. Madzi akhale oyamba chifukwa gawo loposa 90 pa 100 alionse a mowa ndi madzi. Mitundu ya mowa imene timaitamandayi inaumbidwa ndi madzi a kwawo. Burton upon Trent ya ku England inatchuka ndi pale ale chifukwa madzi ake ali ndi sulfate wambiri amene amapangitsa kuwawa kwa hops kumveka kowuma ndi kwakuthwa. Plzeň ya ku Czech madzi ake alibe mchere wambiri, ndipo kumeneko ndi kumene Josef Groll anafulula pilsner woyamba mu 1842. Ngakhale pH yeniyeniyi, muyeso wa asidi, inabadwira m'nyumba ya ofulula mowa: Sørensen anaiyambitsa mu 1909 ali ku Carlsberg Laboratory ku Copenhagen. Munthu akamvetsa chifukwa chake mash imafuna pH ya pakati pa 5.2 ndi 5.6, zambiri zimamasuka zokha.

Madala a Stout:
Si izi ndimanena izi. Sitinayambe n'komwe tafika kale ku Copenhagen.

Mayi Saison:
Kkkk madala musatero. Koma achimwene a Chemistry, pa ndondomeko yanuyo ine sindikugwirizana nanu. Zonse mwanenazo n'zoona, koma mwayala phunziro monga liyalidwira m'buku, osati monga mavuto amatipezera ife. Pa mabotolo amene ndalawa pa gulu pano miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, ndi angati amene vuto lake linali kuchepa kwa sulfate? Palibe ndi limodzi lomwe. Zimene ndimamva ine ndi kutentha pa nthawi yowira, ziwiya zosatsukika bwino, kutsekera mowa usanamalize kuwira, ndi mpweya wolowa posamutsa. Munthu amene chigubu chake chili pa 30 mukamuphunzitsa kuyeza gypsum wowonjezera sulfate pa sikelo, mwamuveka tayi alibe malaya. Madzi adzabwera, koma adikire kaye.

Ine ndikuti tiyambire m'tambula. Munthu alawe chinthucho, achidziwe ndi lilime lake, kenako timuuze dzina lake ndi gwero lake. Akatero sadzaiwala, chifukwa akadzachimva m'mowa wake adzadziwa pokagwira.

Mlembi:
Koma pa madzi pali kamodzi kamene ndikupempha kasadikire, poti ndi nthenda yanga ija. Zaka ziwiri mowa wanga uliwonse umamveka ngati pulasitala wa pabala, kafungo ka kuchipatala. Ndinasintha yisiti, ndinagula chigubu chatsopano, ndinataya mapaipi onse, osatheka. Mapeto ake anali klorini wa m'madzi a pampopi. Akakumana ndi ma phenol a m'chimera amapanga chlorophenol, ndipo lilime limamumva ngakhale akhale wochepetsetsa. Kapiritsi kamodzi ka Campden, kochotsa klorini, kamakwanira malita pafupifupi 75, ine pa malita anga 30 ndimangothyola theka. Kuyambira pamenepo fungo linatha. Zaka ziwiri abale, chinthu choti munthu akanandiuza m'mphindi imodzi.

Wa Chemistry:
Ndipo kumangosiya madzi usiku wonse kuti klorini auluke sikuthandiza ngati a zamadzi akuthira chloramine, m'bale wake wa klorini, ameneyo sachoka msanga. Campden amachotsa onse awiri. Chabwino mayi, ndagonja pang'ono. Klorini alowe koyambirira, za mchere zidikire.

Wophulitsa Mabotolo:
Dzina langa pa gulu pano mukulidziwa kumene linachokera, koma atsopano sanaimve nkhaniyo. Unali mowa wanga wachiwiri. Airlock, kotulutsira mpweya pa chivindikiro cha chigubu kaja, inasiya kubwibwita tsiku lachisanu, ine n'kuti wapsa. Ndinathira shuga, n'kutsekera mabotolo 40, n'kuwaika pansi pa bedi mu katoni. Patapita masabata atatu, cha m'ma 2 koloko usiku, phuu! Ndisanadziwe chimene chachitika, linanso phuu! M'mawa ndinapeza chidutswa cha galasi chitabaya thabwa la bedi, chitalowa ndithu moti ndinachizula ndi pulayala. Otsalawo ndinawatulutsa nditavala magalasi ndi jekete lochindikala, kuwatsegulira m'ndowa, lililonse kutumphuka ngati kasupe. Hydrometer ndinali nayo, ili m'kabokosi kake, sindinkadziwa kuti ntchito yake n'chiyani kwenikweni. Chikanakhala diso la mwana bwenzi tikukamba zina. Ndiye amene akuti maphunziro ndi zamasukulu, ine ayi.

Wa Chemistry:
Nkhani yanuyi ndi phunziro lathunthu, ndipo masamu ake ndi ochepa. Airlock siyeza kanthu, imangoonetsa kuti mpweya ukutuluka pamenepo. Chivindikiro chikamapumira pambali imakhala zii pomwe yisiti akudyabe. Choyeza ndi hydrometer, imene imaonetsa shuga wotsala m'mowa. Mukawerenga lero, n'kuwerenganso pakapita masiku awiri kapena atatu, nambala osasuntha ndipo ili pafupi ndi pamene mumayembekezera, ndiye kuti watha. Tinene kuti munatsekera pa 1.020 mowa woyenera kutsikira pa 1.012. Mapointi 8 otsalawo yisiti amakawadyera m'botolo, ndipo pointi iliyonse imapereka pafupifupi theka la volume (muyeso wa mpweya wa m'mowa) ya CO2. Ndiye kuti ma volume 4 owonjezera pamwamba pa awiri ndi theka amene munafuna ndi shuga uja. Botolo wamba silipirira zimenezo.

Nambala zomwezo zimakuuzaninso mphamvu ya mowa. Yoyamba, ya mowa usanayambe kuwira, kuchotsapo yomaliza, kuchulukitsa ndi 131.25. Kuchoka pa 1.050 kufika pa 1.010 ndi 5.25 peresenti. Masamu onse amene watsopano akufunika chaka choyamba ndi omwewa.

Msungichuma:
Ine ndingofunsa za thumba, poti ndi ntchito yanga. Ndamva kuti pali timabotolo ta fungo togula, tothira m'mowa kuti anthu aphunzire kuzindikira zolakwika. Siebel Institute, sukulu ya ofulula mowa, imagulitsa. Koma thumba lathu mukulidziwa, tikagula zimenezo ndiye kuti china chiima. Kodi palibe njira yopangira tokha?

Mayi Saison:
Zina tikhoza, ndipo zimaphunzitsa bwino kuposa zogula chifukwa munthu amaona ndi maso mmene vuto limabadwira. Tigule lager wopepuka wa m'mabotolo abulauni, yemweyo akhale poyambira. Wina timuthire m'tambula yoyera, tiike padzuwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Kuwala kumaswa zowawitsa za hops n'kutulutsa fungo la kanyimbi, ndipo aliyense adzamvetsa tsiku lomwelo chifukwa chake timakana mabotolo oyera ndi obiriwira. Wina titsegule, tilowetse mpweya, titsekenso, tisunge pamalo otentha sabata imodzi kapena ziwiri, adzamveka ngati katoni yonyowa. Wina timudonthezere viniga, wina madzi a m'chitini cha chimanga kuti tiyerekeze DMS, fungo la chimanga chophika lija limatsalira mukawiritsa wort (madzi otsekemera a chimera) mutavindikira poto. Wa batala tingagwiritse ntchito fungo la batala la ophika makeke. Lamulo likhale limodzi: chothira m'tambula ya munthu chikhale chodyedwa basi. Za klorini tisayerekeze kupanga, Alembi atibweretsere botolo lawo lakale ngati lilipo.

Mlembi:
Alipo atatu, ndinkasowa womupatsa kkkk.

Madala a Stout:
Za batalazi ine ndimangomva anthu akunena. Chibadwire sindinamvepo batala m'mowa. Ndimaona ngati anthu amangotengerana, wina akanena onse "eya, eya, batala."

Wapampando:
Madala, poti mwaiyamba nokha, ndiloleni ndilankhule mwaulemu. Stout wanu ndi wabwino, palibe amatsutsa. Koma bitter uja munabweretsa miyezi iwiri yapitayo anali ndi batala womveka ndithu, mpaka kuterera palilime. Tinayang'anana anthu anayi, palibe anayerekeza kukuuzani.

Madala a Stout:
Anthu anayi! Ndipo munamwa n'kundithokoza?

Wa Chemistry:
Musadandaule madala, si vuto la luso. Anthu amasiyana kwambiri pa kamvedwe ka diacetyl, mwini wa fungo la batalalo, ena amamumva ali wochepa kwambiri, ena samumva n'komwe. Mwina inu muli m'gulu lachiwirilo, ndipo mu stout chimera chokazinga chija chimamubisa. Yisiti amatulutsa chinthu chotchedwa acetolactate, chimene chimasanduka diacetyl kunja kwa selo, kenako yisiti yemweyo amamuyamwanso ngati mwamupatsa nthawi. Mukachotsa mowa pa yisiti msanga, kapena mukauziziritsa msanga, batala amatsala. Mankhwala ake n'kudekha: masiku awiri kapena atatu owonjezera kumapeto, kutentha kutakwera pang'ono. Pali kuyesa kosavuta. Tungani timakapu tiwiri, kamodzi mukavindikire n'kukaika m'madzi a madigiri 60 kwa mphindi 15 kapena 20, mukaziziritse, kenako mununkhize tonse tiwiri. Kotenthetsedwako kakamveka batala, mowa sunathe. Inuyo mungofunika kubwereka mphuno ya wina.

Madala a Stout:
Mayi akunyumba akhala akunena kuti mowa wanga wina umanunkha ngati mbuliwuli za ku kanema. Ine ndinkati akungonyoza.

Mayi Saison:
Kkkkk ndiye mphuno muli nayo kale m'nyumba, mwangokhala osaigwiritsa ntchito zaka 19.

Koma mfundo ya madala ija ya kutengerana tisaitaye, ndi yoona. Munthu wolemekezeka akanena kuti akumva nthochi, tebulo lonse limamva nthochi. Choncho polawa aliyense alembe yekha papepala asanalankhule wina aliyense, ndipo akuluakulu azilankhula pomaliza.

Wa Chemistry:
Pamenepo ndiye pakufunika kuyesa kwa makapu atatu. Makapu osaonekera m'kati, awiri muli mowa umodzi, kachitatu muli wosiyana, wothira yekha ndiye akudziwa. Ntchito yanu n'kuloza kosiyanako. Wongolota amalondola kamodzi pa katatu, ndiye tikakhala anthu 12 pafunika 8 olondola kuti tinene kuti kusiyana kulipodi, tikakhala 18 pafunika 10. Izi zimathetsa mikangano yambiri ya pa gulu pano. Mwachitsanzo tifulule mowa umodzi, chimera chimodzi, hops mmodzi, yisiti mmodzi, koma wina mash yake pa madigiri 64, wina pa 69. Buku limati pa 64 beta-amylase amadula sitachi kukhala shuga wosavuta kudya yisiti, mowa n'kutuluka wowuma, pomwe pa 69 alpha-amylase ndiye amalamulira, n'kusiya shuga wautali amene amapatsa mowa thupi. Hydrometer idzaonetsa kusiyana pa nambala yomaliza. Ngati malilime athu adzakumve, tidzaonera pa makapu atatuwo. Paja William Gosset, amene anatulukira t-test, masamu oonera ngati kusiyana kulipodi, mu 1908 pansi pa dzina loti Student, anali wantchito wa Guinness ku Dublin, ndipo vuto lake linali ngati lathuli, kuweruza zinthu ndi zoyesa zochepa.

Madala a Stout:
Tachoka ku Copenhagen tafika ku Dublin. Koma kumeneko ndiye kwathu kwa stout, ndikhululuka.

Wophulitsa Mabotolo:
Ine ndikufuna kukhala mmodzi wa ofulula awiriwo. Koma chenjezo, ngati thermometer yanga ndi ya mnzangayo sizigwirizana, kuyesa konseko n'kwachabe. Yanga ndinaipeza ikunama ndi madigiri atatu. Miyezi yonse ndinkati ndili pa 66 pomwe ndili pa 69, n'kumadabwa kuti mowa wanga sutsika kupitirira 1.018.

Mayi Saison:
Apo mwatipatsa phunziro loyamba lenileni. Aliyense abwere ndi thermometer ndi hydrometer yake. Tidzaze jagi ndi ayezi wophwanya, tithiremo madzi pang'ono, tivundule, zonse tiviike momwemo, iliyonse iyenera kunena 0. Za madzi owira tisadalire kwambiri poti 100 ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, mukakwera mamita 300 aliwonse imatsika ndi digiri imodzi. Hydrometer tiziviike m'madzi oyera pa kutentha kolembedwa pa kapepala ka m'kati mwake, zambiri ndi 20, ziyenera kunena 1.000. Kapepala kaja kamatha kusuntha. Yonama tiimate kachizindikiro konena kuti imanama ndi zingati. Palibe wophunzitsa, palibe wophunzira, aliyense ali ndi chake m'manja.

Wa Chemistry:
Amene ali ndi refractometer, zoyezera shuga ndi kuwala zija, abwere nazonso, ndidzaonetse chifukwa chake imanama mowa ukayamba kuwira. Alcohol imapotoza kuwala, ndiye nambala imaoneka yokwera kuposa mmene ilili, pokhapokha mutaikonza ndi masamu ake.

Watsopano:
Pempho langa ndi la mawu. Mukamati OG, FG, sparge, pitch, ine ndimangogwedeza mutu ngati ndamva. Pofunsa ndimachita manyazi poti nonse mumaoneka kuti munabadwa mukuzidziwa. Komanso kusiyana kwa kutsuka ndi kupha tizilombo ndakumva sabata yatha yomweyi. Ndinkangothira Star San m'chigubu chokhala ndi litsiro louma m'mbali n'kumati ndamaliza.

Wapampando:
Safunsa anadya phula achemwali, funsani. Ndipo mwakhudza chinthu chachikulu. Mankhwala opha tizilombo sagwira pamwamba pa litsiro, tizilombo timabisala kunsi kwake. Choyamba kutsuka mpaka diso lisaone kanthu, ndi kansalu kofewa kuti pulasitiki isakalike, kenako mankhwala. Tiike lamulo loti wophunzitsa akatchula mawu achilendo, aliyense ali ndi ufulu womuimitsa pomwepo. Ndipo inuyo Watsopano ndikupatseni udindo: muzilemba mawu onse amene akusokonezani, Alembi aziika tanthauzo lake pa tsamba limodzi la gulu. Ife akale sitingathe kulemba mndandanda umenewo, tinaiwala kale zimene zinkativuta.

Za nthawi, phunziro likhale poyamba tisanayambe kulawa za anzathu, malilime akadali atsopano ndi mitu ili bwino. Zoyesera zikhale timakapu tating'ono, madzi akumwa pambali, ndipo oyendetsa galimoto azinunkhiza n'kulavula, palibe wowaseka.

Msungichuma:
Nanga wophunzitsa akhale mmodzi? Poti tikasiyira a Chemistry okha adzatopa, ndipo tsiku limene adzadwale maphunziro adzafera pomwepo.

Mlembi:
Tizisinthana. Amene anavutikapo ndi chinthu ndiye achiphunzitse, a Chemistry azikhala pambali kukonza pamene taphonya. Ine klorini, achimwene a mabotolo za shuga wotsekera ndi hydrometer, Mayi Saison kutentha ndi yisiti. Munthu amene anazula galasi pa bedi ndi pulayala anthu adzamumvera kuposa buku.

Wa Chemistry:
Ndavomera. Kwa ofuna kupita patali, BJCP, bungwe la oweruza mowa lija linayamba mu 1985, lili ndi malangizo a mitundu ya mowa ndi mapepala oweruzira omwe aliyense angatenge pa intaneti kwaulere, komanso mayeso a oweruza. Ofuna mayesowo tingapange kagulu kapadera tsiku lina, tisawakakamize onse. Koma pepala loweruziralo lingatithandize ngakhale pa msonkhano wamba, chifukwa limakufunsa fungo, maonekedwe, kakomedwe, mmene ukumvekera m'kamwa, chilichonse pachokha. "Uli bwino" alibe malo pamenepo.

Mayi Saison:
Bola tisafike poti aliyense wabwera ndi botolo alandire mamalikisi asanapemphe. Ena amangofuna kugawana ndi anzawo chimene apanga. Poika botolo patebulo munthu azinena yekha, "ili ndi longomwa" kapena "ili ndiuzeni zoona." Tikhoza kungomanga kachingwe kofiira pakhosi pa botolo lofuna zoona.

Wapampando:
Kachingwe kofiira kadutsa. Alembi lembani: mwezi uno kuyeza zida, wamawa kulawa zolakwika, wachitatu makapu atatu a 64 ndi 69. Ofulula awiriwo ayambe msanga kuti mowa udzakhale utapsa, ndipo afulule zida zawo zitayezedwa kale. Wachiwiri ndani?

Madala a Stout:
Ndilembeni ine wa 69. Koma wina andibwereke hydrometer, yanga inasweka kalekale sindinaguleponso. Ndipo bitter uja atsala mabotolo asanu ndi limodzi, ndibwera nawo tsiku la zolakwikalo kuti Msungichuma asawononge ndalama kugula fungo la batala.

Msungichuma:
Ndalemba madala. Ayezi ndi makapu ndibweretsa ine. Hydrometer ndili nazo ziwiri koma imodzi ndikuikayikira, mudzatenge imene idzanene 1.000.

Watsopano:
Chigubu ndachichotsa ku mbaula, chili m'beseni tsopano, kathermometer komata pambali kakuti 20. Mawu oyamba pa mndandanda wanga: sparge. Ndani ayambe?